Laputopu yowerengera pa intaneti: ndikweze chiyani, ndisiye chiyani?

Funso

Ndine mphunzitsi wa sekondale ku Zomba. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ati andigulira laputopu yatsopano, ndipo anditumizira mndandanda wa zinthu zimene sitolo ikulola kusankha. Yoyambira ili ndi purosesa ya Core i3, RAM ya 8GB, SSD ya 256GB ndi sikirini ya mainchesi 15.6 yolembedwa kuti HD. Powonjezera ndalama nditha kutenga Core i5 kapena i7, RAM ya 16GB, SSD ya 512GB kapena 1TB, sikirini ya Full HD, sikirini yogwira ndi chala, batire lalikulu, kiyibodi yoyaka, khadi la zithunzi la NVIDIA, Windows 11 Pro, Office, antivirus ndi waranti ya zaka 3. Ntchito yanga ndi kuwerenga pa intaneti, imelo, WhatsApp Web, YouTube, misonkhano ya pa Zoom ndi kulemba mayeso a ana. Ndalama zilipo zokweza zinthu ziwiri, mwina zitatu. Anzanga onse akuti ndisavutike n'kuganiza, nditenge i7 basi. Ndichite bwanji?

Yankho

Aphunzitsi, anzanuwo akukufunirani zabwino, koma i7 ija isiyeni. Pa ntchito imene mwatchulayi, ndalama ziyambire pa sikirini ya Full HD, kenako RAM ya 16GB, ndipo zikatsalako zipite ku batire. Zambiri zotsalazo mutha kukhala osaziona n'komwe, zina mudzazigula mtsogolo mukadzazifunadi.

M'laputopu muli zinthu zimene katswiri angakusinthireni chaka chamawa pongomasula timasikuluwu tingapo, ndiye mulinso zina zoti mukagula mwagula, mudzakhala nazo mpaka laputopuyo idzafe. Ndalama za tsiku logula zizipita ku gulu lachiwirili. Ogulitsa amakonda kukokera maso a munthu ku purosesa, ubongo wa kompyuta, chifukwa dzina lake n'limene lili pa kasitika kowala pafupi ndi kiyibodi, ndipo n'limene munthu amanyadira pouza anzake. Koma pa laputopu yowerengera, chimene mudzatope nacho tsiku lililonse si purosesa ayi.

Tiyambe ndi sikirini, poti ndi imene maso anu adzakhalepo maola onse. Mawu akuti HD pa malaputopu otchipa amatanthauza timadontho 1366 m'litali ndi 768 m'lifupi, tonse pamodzi topitirira pang'ono 1 miliyoni. Full HD ndi 1920 kwa 1080, timadontho topitirira 2 miliyoni pa malo omwewo. Kusiyanaku kumaonekera pa zilembo. Pa sikirini ya mainchesi 15.6 ya HD, m'mphepete mwa zilembo mumaoneka manomano, ndipo pakatha maola awiri mukuwerenga maso amayamba kulemera. Tsamba la pa intaneti limaonetsanso mizere yochepa, moti chala chimangokhalira kutsitsa. Ndiye taganizirani tsiku lolemba mayeso: mukufuna silabasi kapena pepala la chaka chatha likhale kumanzere, pepala limene mukulemba likhale kumanja. Pa 1366 mawindo awiriwo amapanikizana, theka la mabatani a Word limabisala. Pa Full HD zonse zimakwana bwinobwino. Zilembo zikakuchepelani, Windows ili ndi poti Scale mu Settings, pansi pa Display, pamene mungazikulitse kufika pa 125% osataya kusalala kwake.

Musangoima pa mawu akuti Full HD. Achimwene ayang'anenso zilembo zitatu izi: IPS. Masikirini otchipa ambiri ndi a mtundu wa TN, ndipo ena mwa iwo ndi a Full HD ndithu. Kuzindikira TN n'kosavuta ngati laputopu ili patsogolo panu: kankhirani chivundikiro kumbuyo pang'ono, muona zithunzi zikuda, chikokereni kwa inu, muona zikuyera mbuu ngati zachita nkhungu. Munthu wokhala pambali panu saona chimene inu mukuona. Pa IPS chithunzi chimakhala chomwecho kulikonse kumene mwakhala, ndipo zimenezi n'zofunika ngati nthawi zina mumaonetsa ana atatu kapena anayi kanema pa laputopu imodzi.

Kuwala kwa sikirini amakuyeza mu nits. Malaputopu oyambira amakhala pa 220 kapena 250, ndipo m'chipinda cha mawindo akuluakulu kapena pakhonde masana mumangodziona nkhope yanu. Ya 300 imapirira bwino. Mukaona mawu akuti anti-glare, imeneyo ndi sikirini yosanyezimira, ndipo ndi imene ndingakusankhireni. N'chifukwa chake yogwira ndi chala ija sindikuiyamikira: kawirikawiri imakhala ndi galasi lonyezimira pamwamba, imadzaza zidindo za zala, imadyako batire, ndipo ikasweka kuikonza n'kodula. Anthu ambiri amaigwira sabata yoyamba, kenako amabwerera ku mbewa. Ngati pa mndandandapo pali ya 1920 kwa 1200, imeneyo ndi yotalikirapo pang'ono kuchoka pansi kupita pamwamba, imaonetsa mizere yambiri, ndipo kwa munthu wowerenga ndi yabwino koposa. Ya 4K, ya timadontho tochuluka kanayi kuposa Full HD, ndiye musaiyang'ane n'komwe.

Wina angakuuzeni kuti sikirini nayo imasinthika. N'zoona, akatswiri amasintha ikasweka. Koma kupeza ya IPS yogwirizana ndi chingwe ndi zomangira za laputopu yanuyo kuno kwathu ndi ntchito, ndipo mtengo wake umaposa umene mukanawonjezera pa tsiku logula.

Tsopano RAM. Ganizirani za nkhokwe ndi lichero. SSD ndi nkhokwe: mumasungamo zonse, ndipo zimakhalamo ngakhale laputopu itazima. RAM ndi lichero chopetera: chokhacho chimene chili m'lichero n'chimene mukugwirapo ntchito panthawiyo. Lichero likachepa, mumangokhalira kubwerera ku nkhokwe, ndipo kukulitsa nkhokweyo sikuthandiza kanthu.

Microsoft imati Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB, koma kumeneko n'kungoti iyake. Laputopu ikangoyaka, musanatsegule chilichonse, Windows ndi timapulogalamu toyenda kuseri zimakhala zitatenga kale 3GB kapena 4GB. Chipangizo choonetsa zithunzi pa sikirini chimene chili mkati mwa purosesa chilibe RAM yakeyake, nacho chimabwereka pomwepo. Ndiye pa 8GB paja, zanu zenizeni ndi pafupifupi theka. Kenako mutsegule Chrome kapena Edge. Ma browser amenewa amapatsa webusaiti iliyonse chipinda chakechake m'kati mwa RAM, mwadala, kuti tsamba loipa lisathe kusuzumira zimene zili pa tsamba la banki. N'zothandiza pa chitetezo, koma zimadya malo. Ndipo masamba amene mwatchulawo si masamba wamba. Gmail, WhatsApp Web, Facebook ndi YouTube ndi mapulogalamu athunthu oyenda mkati mwa browser, ndipo lililonse litha kutenga ma MB mazana angapo. Onjezanipo Zoom ndi Word, mwafika pakhosi.

RAM ikadzaza laputopu siima. Windows imayamba kusamutsira zina ku SSD, ndipo browser imagoneka matabu amene simunawagwire kwa kanthawi. Chrome ili ndi Memory Saver yochita zimenezi, Edge ili ndi sleeping tabs. Apa pali chinthu chimene olemba za makompyuta a kumaiko a intaneti yosatha sachiganizira: tabu imene browser yaitaya kuti ipeze malo, mukaibwereranso imayenera kutsegukanso. Pa bandulo yogula ndi ndalama za m'thumba, kumeneko n'kulipira kawiri tsamba limodzi. Ndipo ngati netiweki yathawa panthawiyo, tsamba limene munalisiya lotsegula kuti muwerenge madzulo mulipeza loyera.

Kunena chilungamo, 8GB lero ikugwirabe ntchito kwa munthu wotsegula matabu asanu kapena asanu ndi limodzi n'kumatseka akamaliza. Koma laputopu simukugula ya lero lokha. Mudzafuna ikutumikireni zaka zisanu kapena kuposa, ndipo masamba a pa intaneti akulemera chaka ndi chaka. Opanga okha asonyeza kumene zinthu zikulowera: mu 2024 Microsoft inaika 16GB ngati poyambira pa malaputopu amene imawatcha Copilot+ PC, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Apple inakweza MacBook Air yoyambira kuchoka pa 8GB kufika pa 16GB. Kupitirira apo, 32GB, ndi za okonza makanema ndi olemba mapulogalamu.

Funso limene achimwene afunse asanalipire ndi ili: RAM ya laputopu imeneyi ndi yopisa kapena yowotcherera? Kale pafupifupi laputopu iliyonse inali ndi malo awiri opisamo timatabwa ta RAM totchedwa SO-DIMM. Masiku ano ambiri, makamaka opyapyala, RAM yake anaiwotcherera pa motherboard, thabwa lalikulu la m'kati mwa laputopu, ndipo palibe katswiri amene angaiwonjezere mwa njira wamba. Pa pepala lofotokoza laputopu, mawu akuti soldered, onboard, LPDDR4X kapena LPDDR5 akutanthauza yowotcherera. Mawu akuti SO-DIMM kapena 2 slots akutanthauza kuti khomo n'lotsegula. Palinso ena apakatikati, okhala ndi 8GB yowotcherera ndi malo amodzi opanda kanthu. Chitsanzo chofunika kuchidziwa, poti malaputopu ake ali mbwee m'masitolo: amene ali ndi purosesa ya Ryzen 3 7320U kapena Ryzen 5 7520U amagwiritsa ntchito LPDDR5 yowotcherera. Mukagula ya 8GB, idzafa ndi 8GB.

Ikakhala yowotcherera, 16GB ikhale chinthu choyamba pa mndandanda, patsogolo ngakhale pa sikirini ngati ndalama zikukakamizani kusankha chimodzi. Ikakhala yopisa ndipo malo amodzi ali opanda kanthu, muli ndi mpata wopuma: mutha kuyamba ndi 8GB n'kudzawonjezera ina 8GB mtsogolo. Timatabwa tiwiri timayendanso bwino kuposa kamodzi, chifukwa purosesa imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi. Kungoti DDR4 ndi DDR5 sizilowana, kamphako kake kali pa malo osiyana, ndiye podzagula muyenera kudziwa mtundu wanu. Ndiwonjezere kuti kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse chifukwa makampani omanga makompyuta akuluakulu a AI akugula zochuluka, moti langizo lakale loti udzagula yotchipa pambuyo silodalirika ngati kale. Achimwene afanizire mtengo umene sitolo ikuwonjezera ndi mtengo wa kathabwa ka 8GB pakokha. Ngati kusiyana kwake n'kochepa, atenge ya 16GB yobwera kale m'katimo, nkhani ithe.

Wogulitsa akapanda kudziwa, zomwe zimachitika kawirikawiri, musadalire dzina lalifupi la laputopu. Dzina limodzi limakhala ndi mitundu yambiri mkati mwake. Atenge nambala yonse ya modelo imene ili pa katoni kapena pansi pa laputopu, aifufuze pa webusaiti ya kampani yopanga. Ngati pali yoonetsera yoyaka m'sitolomo, adine Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, asankhe Performance kenako Memory. Pansi kumanja pamalembedwa Slots used ndi Form factor. Pakalembedwa SODIMM ndi yopisa. Pakalembedwa Row of chips ndi yowotcherera. Chiwerengero cha malo chimene chimaoneka pamenepo nthawi zina chimanama, ndiye mawu omaliza akhale a pepala la kampani.

Tibwere kwa i7 wa anzanu uja. Mayina akuti i3, i5 ndi i7 paokha sanena zambiri popanda nambala yotsatira. Core i7-7500U ya mu 2016 ili ndi ma core awiri, kutanthauza zigawo ziwiri zogwira ntchito mkati mwa purosesa. Core i3-1215U ya mu 2022 ili ndi asanu ndi limodzi, ndipo imaisiya i7 yakaleyo kutali. Manambala oyamba pambuyo pa kamzere ndiwo m'badwo: 7500U ndi m'badwo wa 7, 1215U ndi wa 12, 1335U ndi wa 13. Ndipo mkati mwa m'badwo umodzi, kusiyana kwa i5 ndi i7 n'kochepa modabwitsa. Core i5-1235U ndi Core i7-1255U zonse zili ndi ma core 10. Imodzi imathamanga kufika 4.4GHz, inayo 4.7GHz. Potsegula Gmail palibe munthu amene angazisiyanitse.

Chifukwa chachikulu ndi choti tsamba likamachedwa kutseguka, nthawi zambiri purosesa imakhala itangokhala, ikudikira netiweki. Madzulo anthu akachuluka pa nsanja ya Airtel kapena TNM ya m'dera lanu, i7 ndi i3 zimadikira limodzi kagudumu kozungulira kaja. Ngati i3 ya pa mndandandawo ndi ya m'badwo wa 12 kapena kuposa, ikukwanirani. Pa mbali ya AMD, Ryzen 5 5500U kapena 7530U, za ma core asanu ndi limodzi, n'zokwanira ndi kutsala.

Malire ali pansi. Musalole kutsika kufika pa Celeron N4020 kapena N4500, za ma core awiri ofooka, zimene zimapuma wefuwefu Zoom ikangoyamba. Intel inasiya mayina a Celeron ndi Pentium pa malaputopu mu 2023, ndipo zotchipa zake tsopano zimangolembedwa Intel Processor, monga N100. Imeneyi ndi yabwinopo kuposa ma Celeron akale, komabe kwa munthu wofuna zaka zisanu ndi yothina. Chilembo chakumapeto nachonso chili ndi nkhani: U ndi yosunga batire, H ndi yamphamvu koma yotentha ndi yolusa pa magetsi. Inu mukufuna U. Pali nthawi imodzi yokha imene ndingavomere i5: masitolo ena samagulitsa 16GB ndi Full HD pa i3, amazimangirira ku i5. Zikatero tengani i5, koma mukudziwa kuti chimene mukulipirira ndi RAM ndi sikirini.

Khadi la NVIDIA ndi la masewera ndi ntchito zojambula. Makanema a pa YouTube purosesa yanu imawaonetsa yokha popanda thukuta. Mukaliika mwangowonjezera kutentha, phokoso la fani, kulemera kwa chikwama ndi tchaja yaikulu.

Za SSD sindichedwapo. Ya 256GB mu Windows idzaoneka ngati 238GB chifukwa cha kawerengedwe kosiyana, ndipo Windows ndi mapulogalamu anu zidzatengapo ma GB makumi angapo. Chotsalacho mapepala a mayeso ndi ma PDF sangachidzaze ngakhale mutalemba mpaka kupuma ntchito. Chimene chimadzaza SSD ndi makanema ndi zithunzi zochokera mu foni. Ngati kukwera kufika pa 512GB ndi ndalama yochepa, palibe cholakwa. 1TB ndi yosafunika. Pa malaputopu ambiri a mainchesi 15.6, SSD ndi kathabwa ka M.2 komangidwa ndi sikuluwu imodzi, ndipo kamasinthika. Ogulitsa adzakuuzani za liwiro: SSD ya SATA imafika pafupifupi 550MB pa sekondi, ya NVMe 3,500MB, ina 7,000MB. Manambalawo ndi oona, koma pa intaneti ndi Word simudzamva kusiyana. Zoyenera kuthawa ndi ziwiri: hard disk yakale yozungulira, ngakhale italembedwa 1TB mokopa, ndi eMMC ya 64GB kapena 128GB, imene ndi yochedwa, yowotcherera, ndipo imadzaza ndi ma update okha. Ndipo SSD yaikulu si chitetezo cha mafayilo. Mayeso a ana azikhalanso pa fulashi kapena pa Google Drive.

Batire ndi pamene ife timasiyana ndi munthu wa ku London. Iye batire amalifuna m'sitima. Ife timalifuna patebulo pathu pomwe, magetsi a ESCOM akathima pakati pa msonkhano. Musamvere zoti limakhala mpaka maola 10, poti amayeza sikirini itachepetsedwa kuwala ndipo palibe chimene chikuchitika. Yang'anani nambala ya Wh, imene imasonyeza kuchuluka kwa mphamvu imene batire limasunga. Malaputopu oyambira amakhala ndi 41Wh kapena 42Wh. Okwezedwa amakhala pakati pa 50Wh ndi 60Wh. Kuchoka pa 41 kufika pa 54 ndi kuwonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi. Kumbukiraninso kuti batire limafooka ndi zaka, ndiye loyamba lalikulu limadzakhalabe lothandiza pamene laling'ono lasanduka la mphindi 40.

Chinthu china chimene sichili pa mndandanda wanu, koma kwa ine chikuposa theka la zimene zilipo: kodi laputopuyi imatchajidwa kudzera pa USB-C? Kukhala ndi kabowo ka USB-C sikokwanira. Pa malaputopu otchipa ambiri kabowoko ndi kongodutsitsa mafayilo. Pafunika mawu akuti Power Delivery. Akakhalapo, laputopu itha kutchajidwa ndi tchaja iliyonse ya USB-C ya 45W kapena 65W, ndipo yanu ikapsa simuyendayenda m'misika kufunafuna ya kamutu kofanana. Ithanso kutchajidwa ndi power bank yotulutsa 65W. Ya 20,000mAh imasunga pafupifupi 74Wh, ndiye ngakhale zina zimatayika potchaja, imadzaza batire la 41Wh kamodzi ndithu. Kwa amene ali ndi sola kunyumba, njira imeneyi imapulumutsanso mphamvu imene ikanatayikira mu inveta. Ichi sichiwonjezeka pambuyo pake. Ngati malaputopu awiri akufanana mtengo ndipo imodzi yokha ili nacho, nkhani yatha.

Kiyibodi yoyaka anthu amaiona ngati chokongoletsa mpaka tsiku lolemba mumdima. Ngati mtengo wake ndi wochepa, itengeni. Wi-Fi 6 imabwera kale pa malaputopu ambiri atsopano ndipo ikukwana. Intaneti yochokera pa hotspot ya foni kapena pa MiFi siingafike n'komwe pa malire ake. Pa Zoom, kukhala moyang'ana kuwindo ndi kuvala timahedifoni ta maikolofoni kumathandiza kuposa kamera yodula.

Zotsalazo ndi pamene sitolo imapezera phindu lake. Windows 11 Pro ndi ya m'maofesi: kulumikiza kompyuta ku netiweki ya kampani, kuilowa muli kutali, ndi zina zotero. Liwiro lake ndi lomwelo la Windows 11 Home, ya anthu wamba. Chofunika n'kungotsimikiza kuti Windows ilimo, chifukwa ena otchipa amabwera olembedwa FreeDOS kapena No OS, kutanthauza kuti mulibe. Antivirus yolipira siyofunika: Windows imabwera ndi Microsoft Defender, yaulere ndipo yokwanira ngati mukuilola kulandira ma update. Imene amaikamo yoyeserera ija ikatha masiku ake imangosautsa ndi mauthenga ofuna ndalama, ichotseni.

Office ndi yokhayo yofunika kuiganizira, poti inu mumalemba mayeso. Achimwene afunse ngati ndi Microsoft 365, imene ndi yolipira chaka ndi chaka, kapena Office Home 2024, yolipira kamodzi. Ya chaka ndi chaka ikatha, mafayilo mumatha kuwatsegula koma osawasintha, ndipo kulipiranso kumafuna khadi la banki lovomerezeka kunja. Word ya pa intaneti ndi Google Docs ndi zaulere, koma zimadalira netiweki. LibreOffice ndi yaulere, imagwira popanda intaneti, ndipo imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word, ngakhale kuti pepala la matebulo ambiri nthawi zina limasuntha pang'ono polipititsa ku kompyuta ina. Posindikiza, lisungeni ngati PDF, silisuntha. Yambani ndi imeneyi. Ikakukanikani, Office imagulika tsiku lililonse. Chimene sindingakulangizeni ndi Office yothyola imene anyamata amaika kuchokera pa fulashi, chifukwa ma virus ambiri amalowera khomo limenelo, ndipo poiika amayamba ndi kuzimitsa Defender.

Waranti ya zaka 3 imamveka bwino, koma funso ndi loti imagwira kuti. Yambiri imagwira m'dziko limene munagula, ndipo ngati ndi ya sitolo osati ya kampani yopanga, laputopu iyenera kubwerera ku sitolo komweko. Kuitumiza ku Johannesburg, kudikira, n'kuibweretsanso, ndi ndalama ndi miyezi. Pokhapokha atakulemberani kuti imagwira ku Malawi ndi kukuuzani kumene mungaipereke, ndalama imeneyo ndi bwino igule adaputala yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu ndi chikwama chochindikala. Magetsi akamabwerera atathima ndi pamene matchaja ambiri amapsa.

Mwina wina akuuzani kuti ndi ndalama yomweyo mungapeze ThinkPad, Latitude kapena EliteBook yogwiritsidwapo kale ntchito. Si maganizo oipa: malaputopu a m'maofesi amenewa ali ndi mahinji olimba ndi makiyibodi abwino. Koma ikhale ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, chifukwa yakale kuposa apo siili pa mndandanda wa Windows 11, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Batire lakenso limakhala lotopa kale. Poti achimwene alonjeza yatsopano, ine sindingawabweze.

Asanaitumize, aitsegule komweko. Aiyatse, ailumikize pa Wi-Fi ya kwawo, ailole imalize ma update onse a Windows, amene poyamba amakhala ma GB angapo omwe akanatha bandulo yanu tsiku limodzi. Aikiretu Chrome, Zoom ndi LibreOffice. Aone mu Settings, pa System kenako About, ngati purosesa ndi RAM zili zimene analipira. Atsegule chithunzi choyera ndi chakuda kuti aone ngati pali kadontho kakufa pa sikirini. Adine batani lililonse, ayese kamera ndi masipika. Vuto likapezeka akadali pafupi ndi sitolo amangokabweza, pamene likapezeka ku Zomba ndi lanu. Magetsi a ku South Africa ndi a kuno onse ndi 230V, ndiye tchaja igwira, koma pulagi yawo ndi ya mano ozungulira pamene masoketi athu ndi a mano atatu amakona. Pa matchaja ambiri chingwe chochoka pa tchaja kupita kukhoma chimazuka, ndipo cha pulagi yathu chimapezeka m'masitolo a zamagetsi. N'chabwino kuposa adaputala yogwedera imene imathetheka. Lisiti libwere limodzi ndi laputopu chifukwa pachipata angalifune, ndipo wonyamulayo aisunge m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi.

Ikafika, musanachite china chilichonse, lowani mu Settings, Network & internet, musankhe Wi-Fi ya foni yanu n'kuyatsa poti Metered connection. Mukatero Windows imadziwa kuti intanetiyo ndi yogula ndipo imachepetsa zokoka kuseri. Muyang'anenso mu pulogalamu ya kampani yopanga laputopuyo ngati muli poletsa batire kudzaza kupitirira 80%. Masiku amene magetsi akukhazikika ndipo laputopu ikukhalira pa tchaja, yatsani pamenepo kuti batire lichedwe kukalamba. Sabata ya kuthimathima, zimitsanipo lizidzaza lonse.